Kuyeza babu la msuweni wanga ndi kandulo

Ndili Fomu 3, mayi anga anapita ku Joni kukagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo ine ananditumiza ku Lifuwu kukakhala ndi azakhali, alongo awo a malemu bambo anga. Azakhali anali ndi munda wa mpunga kusikimu ya ulimi wothirira, komanso mwana mmodzi wamwamuna, msuweni wanga, yemwe anali wamkulu kwa ine ndipo ankagwira ntchito pa boti la usipa. Sanali anthu oipa. Ankandipatsa chakudya, sopo ndi pogona. Kungoti panyumbapo panalibe woti n'kucheza naye. Azakhali ankalawirira kumunda, msuweni ankagona masana onse poti ntchito yake inali ya usiku, ine n'kumayenda monyang'ama m'nyumbamo kuopa kumudzutsa.

Kusukulu nako zinali chimodzimodzi. Ndinafika pakati pa teremu, anzanga atagawana kale malo okhala ndi anthu ocheza nawo. Iwo anakulira limodzi, ena kumadrasa amodzi, ena m'kwaya imodzi, ndipo ankadziwana mpaka azigogo. Ine ankangonditchula kuti wa ku Lilongwe uja. Sankandizunza ayi, ankangondiiwala. Nthawi yopuma ndinkakhala kuseri kwa kalasi, mumthunzi wa khoma, n'kumaonerera akakowa akutera m'minda ya mpunga.

Fizikisi inali phunziro lochita kusankha. Poyamba tinalipo ambiri ndithu, koma zotsatira za mayeso a teremu zitatuluka anthu anayamba kuthawa mmodzimmodzi. Pomwe tinkalowa Fomu 4 n'kuti nditatsala ndekha. Sikuti ndinali wanzeru kuposa anzanga. Ndinatsala chifukwa piriyodi ya fizikisi inali nthawi yokhayo patsiku yomwe munthu ankandifunsa funso n'kudikira kuti ndiyankhe.

Aphunzitsi a fizikisi anali bambo wachikulire wochokera kumpoto, wamtali, wowerama pang'ono, wovala magalasi okhuthala. Chichewa chawo chinkamvekabe Chitumbuka. Ankakhala okha m'nyumba ya sukulu, akazi awo atatsala kwawo kuyang'anira minda, ndipo anali atatsala pang'ono kupuma pantchito. Anzanga onse atachoka, iwo sanadandaule kapena kuchepetsa phunziro. Ankalowa m'kalasi, n'kupereka moni ngati muli anthu odzaza, ine n'kuimirira ndekha kuyankha. Pabolodi ankalemba zilembo zikuluzikulu, ndipo buku ankandipatsa ine kuti ndiziwerenga mokweza. Ankati ndizizolowera Chingerezi.

Msuweni wanga anali siginala, kutanthauza munthu amene amakhala m'bwato laling'ono ndi nyale, kukopa usipa kuti usonkhane anzake asanaponye khoka. Chaka chimenecho eni maboti ambiri ankasiya nyale za palafini n'kumagula mababu oyendera batire. Abwana ake a msuweni anakagula awo ku Khombedza tsiku la msika, ndipo wogulitsayo anawauza kuti babu limodzi limawala ngati makandulo 500. Madzulo ena msuweni ndi anzake anakangana za nkhaniyi pakhonde mpaka kukwezerana mawu, ena akuti n'zoona, ena akuti anawanamiza. Ine ndinkatsuka mbale chapafupi. Palibe anandifunsa maganizo, koma funsolo linandikhala.

M'mawa mwake phunziro litatha ndinafunsa kuti, "Kodi aphunzitsi, kuwala kumayezeka ngati mmene timayezera mpunga pasikelo?"

Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi m'munsi mwa malaya. "Wafunsiranji?"

Ndinawafotokozera za babu lija ndi mkangano wa pakhonde.

"Zimenezi pamayeso ako sizibwera," anatero. "Koma kumayezeka. Muyezo wa mphamvu ya kuwala umatchedwa kandela. Kandulo wamba ya m'golosale imatulutsa pafupifupi kandela imodzi. Ndiye ukafuna kudziwa mphamvu ya nyale, umafufuza kuti ikulingana ndi makandulo angati. Makina oyezera tilibe, koma pali njira yakale yongofuna pepala ndi dontho la mafuta. Msuweni wakoyo angakubwereke babulo masana?"

Ndinati ndikayesa.

Sukulu yathu inalibe labu. Chomwe chinalipo ndi kachipinda kosungiramo madesiki othyoka, kopanda zenera, kongokhala ndi timabowo ta mpweya pamwamba. Timabowoto tinatitseka ndi masaka, chifukwa ntchitoyo inkafuna mdima. Aphunzitsi anapempha mayi wina wophunzitsa Chichewa kuti akhale nafe, poti ine ndinali mtsikana. Tsiku loyamba mayiyo anabwera, anakhala pampando pafupi ndi chitseko akudina foni, koma kutentha kwa m'kachipindako kutamukwana anatuluka osabweranso.

Tinagoneka thabwa lalitali pamadesiki awiri. Pakati pake tinaimika pepala loyera lomwe ndinalidonthezera mafuta ophikira, n'kupanga banga lofanana ndi kandalama kachitsulo. Aphunzitsi anandiuza kuti ndiyatse kandulo kuseri kwa pepalalo. Bangalo linawala kuposa pepala lonse. Ndinabweretsa kandulo kutsogolo, bangalo linada.

"Tsopano taganiza," anatero. "Kukakhala nyale uku ndi uku, ndipo kuwala kofika papepala n'kofanana mbali zonse, banga lichita chiyani?"

"Siliwala, silidanso."

"Ndiye kuti lisowa. Tiyeni tione."

Mbali imodzi tinaika kandulo imodzi, masentimita 20 kuchokera papepala. Mbali inayo tinamanga makandulo anayi pamodzi ndi ulusi. Ndinkayembekeza kuti anayiwo ndiwasunthira kutali kanayi, koma nditangofika pa masentimita 40 banga lija linazimiririka, pepala n'kuoneka ngati silinakhudzepo mafuta. Ndinabweza makandulowo pang'ono, banga n'kubwerera. Ndinawakankhanso, n'kusowa. Ndinachita zimenezi kangapo ngati mwana wopeza choseweretsa, aphunzitsi akungoseka chapansipansi.

Kenako anandifotokozera lamulo lake. Ukasuntha nyale kufika pa mtunda wowirikiza kawiri, kuwala kofika papepala sikuchepa kawiri koma kanayi, chifukwa kumamwazikira m'litali ndi m'lifupi momwe. Ukawirikiza mtunda katatu, kumachepa ka 9. Choncho banga likasowa, umatenga mtunda wa nyale, kuugawa ndi mtunda wa kandulo, yankho lake n'kulichulukitsa ndi ilo lomwe. Chomwe wapezacho ndiye makandela a nyaleyo.

Msuweni anavuta kubwereketsa babu. Anati likasweka abwana ake amuchotsa ntchito. Pamapeto pake analola, nditalonjeza kumuchapira zovala za kunyanja, zomwe zinkanunkha usipa ngakhale utazichapa bwanji. Ndinalikulunga m'chitenje pamodzi ndi kabatire kake n'kupita nalo kusukulu. Tsiku limenelo mayi wa Chichewa uja anati watanganidwa ndi kuchonga, choncho tinalowa m'kachipindako awiri, ndipo tinatseka chitseko monga tinachitira dzulo lake.

Babulo linali lowala kwambiri moti thabwa linachepa. Tinaika kandulo masentimita 25 kuchokera papepala, babu n'kumalisunthira kutali pa desiki ina. Vuto linali lakuti kuwala kwa babu kunali koyera mobiriwira pomwe kwa kandulo kunali kwachikasu, ndiye banga silinkasoweratu. Aphunzitsi anati ndifunefune pomwe likuoneka mochepa kwambiri.

"Likuonekabe?" ankandifunsa.

"Pang'ono."

"Sunthanso."

Titafika penapake ndinalephera kugamula. Ndinati, "Taonani nokha aphunzitsi, ine ndikukayika."

Anawerama n'kuyandikitsa nkhope papepalalo, kuyandikira mpaka ndinaopa kuti nsidze zawo zipsa ndi lawi. Anakhala choncho kwa kanthawi, kenako anaweramuka n'kukhala pa desiki yothyoka mwendo.

"Mwana wanga, ine banga limenelo sindikuliona. Ngakhale dzulo sindinalione. Ndimangoona chifunga, ndipo lawi la kandulo limangokhala ngati mpira wachikasu. Kuchipatala anati ndi ng'ala, maso onse awiri."

Ndinakumbukira zilembo zikuluzikulu za pabolodi ndi buku lomwe ndinkawerenga mokweza tsiku ndi tsiku.

"Ndikufuna ndimalize nawe chaka chino, kenako ndikachititse opaleshoni," anapitiriza. "Ahedi akadziwa panopa andiuza kuti ndipite, ndipo wina wa fizikisi sabwera kuno msanga. Usauze munthu. Tsopano yang'ana wekha, ugamule. Maso ako ndi abwino."

Ndinayang'ananso, n'kusuntha babu uku ndi uku, mpaka ndinakhutira. Tinayeza ndi rula, ndipo linali pa mamita awiri, omwe ndi masentimita 200. Ndinagawa 200 ndi 25, n'kupeza 8. Ndinachulukitsa 8 ndi 8.

"64," ndinatero.

"64 chani? Mbuzi?"

"Makandela 64."

"Pafupifupi," anandikonza. "Kandulo yathu si ya mulabu, ndipo diso lako si makina. Uzinena kuti pafupifupi."

Ndinabwerera kunyumba ndikuyenda mothamanga, ndili ndi nkhani yoti ndinene kwa nthawi yoyamba chifikireni ku Lifuwu. Ndinapeza msuweni atadzuka, akusukusula. Ndinamuuza kuti babu lake si la makandulo 500, ndi la pafupifupi 64. Analitenga, n'kulizunguza kuona ngati silinasweke, kenako anati, "Chabwino. Zovala zija zili kuseri." Nkhani inathera pomwepo. Mkangano wa pakhonde uja anali atauiwala kale.

Patapita sabata ndinayamba kuona zachilendo. Ndikafika pamjigo atsikana ankasiya kulankhula. M'kalasi, yemwe ndinkakhala naye desiki imodzi anasamukira kumbuyo. Kale sankandiona, koma tsopano aliyense ankandiyang'ana. Tsiku lina ndinapeza pa desiki yanga atalembapo ndi choko kuti mkazi wa aphunzitsi. Ndinafufuta ndi dzanja, n'kukhala pansi, n'kutsegula buku ngati palibe chachitika, koma zilembo sindinkaziona.

Azakhali anazimva kuchigayo cha mpunga. Anandipeza ndikusesa pakhomo, anatula thumba pansi osalowa m'nyumba.

"Iwe, m'chipinda cha mdima ndi mwamuna, mutatseka chitseko, mumachitamo chiyani?"

"Timayeza kuwala, azakhali."

"Kuyeza kuwala mumdima?"

Ndinayesa kufotokoza za pepala ndi mafuta, koma ndinkadzimva ndekha kuti zikumveka ngati bodza lopeka mofulumira.

"Mayi ako anandisiyira iwe uli bwinobwino," anatero. "Ndidzawauza chiyani? Mawa tipitira limodzi kusukuluko."

Mu ofesi ya ahedi tinalimo anayi: ahedi, omwe anali mayi wodekha, azakhali, aphunzitsi ndi ine. Ahedi anayamba ndi kundifunsa ine ndekha, aphunzitsi atawatulutsa panja, ngati panachitika chilichonse chosayenera. Ndinati ayi. Anandifunsanso mwanjira ina, ndinati ayi. Atawalowetsa, anawafunsa chifukwa chake sanangochita okha zoyesererazo n'kudzandiuza zotsatira, kapena kudikira tsiku lomwe mphunzitsi wina angakhalepo. Ine ndinkadziwa mbali ya yankho koma ndinali nditalonjeza, choncho ndinangoyang'ana pansi.

Aphunzitsi anati, "Kutseka chitseko popanda munthu wachitatu ndinalakwitsa, ndipo ndikupepesa kwa mayiwa. Ndinaganizira za phunziro, osaganizira za mbiri ya mwana. Koma ndekha sindikanatha, chifukwa sindiona bwino. Kalendala ili pakhomayo ndikudziwa kuti ndi kalendala chifukwa ndinaipachika ndine. Manambala ake sindikuwaona."

Ahedi anawafunsa kuti vutoli linayamba liti, ndipo makope a ana a Fomu 1 ankachonga bwanji. Iwo anayankha zonse mosabisa. Potuluka azakhali anangoti kwa aphunzitsi, "Pepani ndi matendawo," n'kumapita kumunda.

Ahedi anagamula kuti maphunziro a fizikisi azichitikira pakhonde la ofesi, poonekera, ndipo aphunzitsi apite kuchipatala teremu ikangotha. Tinaphunzira pakhondepo masabata otsalawo. Iwo ankakhala kumapeto kwa benchi, ine kumapeto kwinako. Anasiya kunditchula kuti mwana wanga kapena iwe, anayamba kunena kuti inu. "Werengani tsamba lotsatira." "Mwapeza chiyani?" Ndinkamvetsa chifukwa chake, komabe zinkandipweteka kuposa choko cha pa desiki chija. Munthu mmodzi yekha amene ankalankhula nane momasuka tsopano ankasankha mawu ngati ali pamaso pa woweruza.

Tsiku lotsekera sukulu aphunzitsi anandipatsa mabuku awo awiri a fizikisi ahedi akuona. Anati, "Mitu yatsala ndi ya magetsi ndi maginito. Muiwerenge, muyankhe mafunso onse a kumapeto. Ndikachira ndibwera." Ndinalandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Ndinkafuna kunena zambiri, koma panali anthu. M'mawa mwake anakwera njinga ya kabaza ndi chikwama chimodzi kupita ku Salima.

Sanabwerenso. Teremu yotsatira ahedi anandiuza kuti opaleshoni inachedwa, ndipo akuluakulu anaona kuti ndi bwino angopumiratu pantchito. Mphunzitsi wina sanatumizidwe. Pa ndandanda wa maphunziro fizikisi inalipobe, choncho nthawi yake ikakwana anzanga ankapita kuphunziro lawo, ine n'kutenga mabuku aja kukakhala pakhonde la ofesi. Pena ndinkawerenga mokweza mwachizolowezi, n'kudzazindikira kuti palibe akumvetsera. Funso likandikanika panalibe wofunsa. Ndinkalisiya, n'kudzalibwerera mawa lake, ndipo ena sindinawapeze mpaka lero. Mphekesera zija zinazilala zokha anthu atapeza nkhani zina, koma yemwe anasamuka pa desiki yanga uja sanabwerere.

Kunyumba kunali kachipinda komwe azakhali ankasungiramo matumba a mpunga, nako kopanda zenera. Loweruka masana, ntchito ndikamaliza, ndinkalowamo ndi pepala langa la mafuta, kandulo ndi rula. Ndinayeza koloboyi wa azakhali, ndipo anangoposa kandulo pang'ono. Ndinayeza nyale ya galasi, tochi ya foni ya msuweni, ngakhale kababu ka sola komwe tinkawerengera. Zinalibe ntchito pamayeso, ndipo panalibe woti ndimuuze zomwe ndapeza. Ndinkangofuna kuchita chinthu chomwe ndinkadziwa kuti ndikuchitha.

Loweruka lina chitseko chinatseguka ndili mkati. Anali azakhali, atabwera kudzatapa mpunga. Anaima n'kuyang'ana kandulo, koloboyi ndi pepala lili pakati.

"Ndi zimenezi?" anafunsa.

"Ndi zimenezi, azakhali."

Ndinkayembekeza kuti andikalipira za moto pafupi ndi matumba. M'malo mwake anabweza chitseko, n'kukhala pathumba limodzi. "Tachita ndione."

Ndinawaonetsa banga, kenako ndinayamba kusuntha koloboyi pang'onopang'ono. Iwo anasuzumira, manja ali pamaondo.

"Ima," anatero. "Lasowa."

Ndinayeza ndi rula n'kuwerengera, iwo akungoonerera. Sanafunse yankho. Anatapa mpunga wawo m'lichero, ndipo ali pakhomo anati, "Bambo aja tinawalakwira." Anatuluka, ndipo nkhaniyi sitinaikambenso.

Mayeso a Fomu 4 tinakalembera kusukulu ina yaikulu komwe ankasonkhanitsako masukulu angapo. Tsiku la fizikisi anzanga onse anatsala kunyumba, ine ndinayenda ndekha m'mawa kudutsa m'minda ya mpunga, womwe n'kuti atakolola kale. M'holo ndinakhala pakati pa ana a masukulu ena omwe ankakumbutsana zomwe aphunzitsi awo anawauza dzulo lake. Mafunso a magetsi anandivuta, ena ndinawasiya osayankha. Zotsatira zitatuluka ndinapeza kuti fizikisi ndakhoza, osati mwapamwamba, koma mokwanira kundilowetsa kusukulu ya ntchito zamanja komwe ndinaphunzira zamagetsi. Lero ndimaika masola m'nyumba za anthu ndi m'masukulu, ndipo m'chikwama changa muli kamakina koyezera kuwala kongodina batani.

Aphunzitsi aja sindinaonanenawonso. Nditapita kukatenga satifiketi ndinafunsa ahedi ngati ali ndi nambala yawo. Anandipatsa, koma nditaimba inali yosapezeka, ndipo ndinayesa miyezi ingapo mpaka ndinaleka. Ahedi anati anamva kuti diso limodzi linachira, linalo ayi, ndipo ali kwawo akuweta mbuzi. Sindikudziwa ngati wina anawauza kuti ndinakhoza.

Mayi anga sanabwere chaka chimenecho, anangoimba foni kundiyamikira. Tsiku lochoka ku Lifuwu msuweni anali m'tulo, sindinamudzutse. Azakhali anandimangira mpunga m'kathumba, n'kundiperekeza mpaka pamsewu. Galimoto itafika anandithandiza kukweza katundu, n'kundiuza kuti ndikafika ndiwadziwitse. Kenako anatembenuka kubwerera kumunda, chifukwa tsiku limenelo inali nthawi yawo yotsegulira madzi.